Make kunenepa si umboni woti m'khola mulibe njoka

"Adokotala, kuno kulibe njoka, taonani mmene make wanenepera." Mawu amenewa a alimi a nkhumba ndatopa nawo. Make wa tinkhumba uja thupi lake linaizolowera kale nkhondo yolimbana ndi njokazi. Tiana take ndiye sitinaizolowere.

Njoka ndikunenayi ndi ya m'mimba mwa nkhumba yotchedwa Ascaris suum, yoyera ija yotalika masentimita 30 kapena kuposa. Kankhumba kakameza mazira ake, timbozi timaswa, n'kuboola matumbo, ulendo wa kuchiwindi, kenako kumapapo. Pakatha sabata chifuwa chimayamba. Timbozi timakwera kukhosi, kankhumba n'kutimezanso. Apa m'pamene thupi limadzidzimuka. Maselo oteteza amakhamukira kumatumbo, zoterera zangati mamina zimachuluka, matumbo amafinya mwamphamvu, ndipo pofika sabata yachitatu timbozi tambiri tatuluka ndi ndowe. Musavutike kutifufuza ndi kamtengo, simutiona. Tochepa totsalato ndi timene timakula n'kuyamba kuikira pakatha masabata 6 mpaka 8.

Nkhumba yomwe yakhala ikumeza mazirawa kwa miyezi, chitetezo chake chimatsekereza timbozi m'matumbo momwemo tisanafike kuchiwindi. Koma mazira ali mbwee m'dothi la kholalo, ena amata pamawere ake, ndipo amatha zaka osafa.

Mpaka lero mtima umandiwawa ndikakumbukira mayi wina amene anali ndi tiana tankhumba tisanu ndi titatu tongoleka kuyamwa. Anandiitana patatha miyezi iwiri tikutsokomola. Nthawi yonseyo ankatimwetsa mankhwala ogula pamsika, a m'botolo lopanda dzina, n'kumathiranso phulusa m'madeya poti anzawo anawauza choncho. Titang'amba kamene kanafa m'mawawo, matumbo anali atatsekeka ndi njoka zopiringizana, chiwindi chili mathothomathotho oyera ngati wina wadonthezerapo mkaka. Mathotho amenewo ndi zipsera za pamene thupi linkalimbana ndi timbozi. Kankhumbako kanalimba ndithu, koma kulimbako kumadya chakudya. Madeya amene mayiwo ankagula ankathera kunkhondo, osati kumnofu.

Za mankhwala, chonde, funsani alangizi a ziweto. Piperazine amagwira njoka zokhala m'matumbo basi, zoyendayenda m'chiwindi ndi m'mapapo sazipeza. Ivermectin kapena fenbendazole amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa nkhumba, osati mongoyerekeza ndi chivindikiro cha botolo. Make apatsidwe mankhwala kutatsala sabata imodzi kapena awiri kuti aswe, asambitsidwe, alowe m'khola lokolopa bwino.

Ndipo si chifuwa chilichonse chili cha njoka. Mukaona thupi latentha, makutu afiira, nkhumba zazikulu zomwe zikufa motsatizana, ganizani za chigodola, muitane alangizi tsiku lomwelo, musagulitse nyamayo.

Mayi aja anatsala ndi tisanu. Tinkhumbato tinachira, koma tinapinimbira, ndipo wogula anatchula mtengo womwe mayiwo anangogwira pakamwa.