Fountains Abbey sinagwe ndi ukalamba

Aliyense akaona chithunzi cha mabwinja a Fountains Abbey, nyumba yakale ya amonke ku Yorkshire m'dziko la England, amathamangira kunena kuti nyumbayo inagwa ndi ukalamba. Ife okonza nyumba zakale mawu amenewa atikwana. Khoma lamiyala silifa ndi zaka ayi. Limafa ndi madzi, ndipo madziwo amalowa munthu akawatsegulira njira.

Amonke 13 ochokera kunyumba ya amonke ya St Mary's mumzinda wa York anafika m'chigwa cha mtsinje wa Skell mu 1132 ali chimanjamanja, malowo atawapatsa Arkiepiskopi Thurstan. Analowa m'gulu la amonke lotchedwa Cistercian, kenako ubweya wa nkhosa unawalemeretsa. Adani anatentha nyumbayo mu 1146, amonke n'kumanganso, ndipo inakhala chilili zaka pafupifupi 400. Nsanja imene anamangitsa mkulu wawo Marmaduke Huby, yotalika pafupifupi mamita 50, ikadalipo lero. Ukalambawo bwanji unailambalala?

Chinachitika n'chakuti mu 1539 Mfumu Henry VIII inatseka nyumbayo, ndipo mu 1540 inagulitsidwa kwa wamalonda wina, Richard Gresham. Mtovu umene unali padenga anausasula kuti akagulitse. Denga litachoka, mvula inayamba kugwera pamutu pa makoma, n'kumatsika mkati. Kumeneko kukazizira madzi amaundana n'kufufuma, mwala n'kung'ambika. Pambuyo pake Stephen Proctor, amene anadzagula malowo, anatuta ina mwa miyalayo kukamangira nyumba yake, Fountains Hall, pafupi pomwepo. Zonsezi ndi manja a anthu.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi simenti. Makoma akale anamangidwa ndi laimu, amene ndi wofewa ndipo amalola chinyezi kutuluka. Simenti ndi wolimba kuposa mwala kapena njerwa yakale, ndiye amatsekera madzi mkati. Mabwinja ambiri ku Britain anamatidwa simenti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo amisiri a lero akuvutika kugumula simentiyo.

Ndinaitanidwapo kutchalitchi china chakale chanjerwa kuno kwathu. Denga linkadontha pakona imodzi basi, malata awiri akanakwana. Akomiti anati tidikire zokolola, zokolola zinabwera, anati tidikire abusa atsopano. Khoma litayamba kuda, anapeza mmisiri wina wapakamwa pokoma, wotchipa, amene anapaka pulasitala wa simenti khoma lonse n'kulipenta bwinobwino. Denga sanalikhudze. Nditagogoda khomalo linkalira ngati ng'oma. Titabenthula pang'ono, njerwa zinkafumbutuka m'manja, zonyowa, zonunkha nkhungu. Chondiwawa n'chakuti ndalama za simentiyo anasonkha amayi a mumpingo.

Ngati muli ndi nyumba yotere, konzani denga ndi ngalande mvula isanayambe, osati chaka chamawa. Mmisiri akabwera, mufunseni kuti khomalo linamangidwa ndi chiyani. Akayankha asanalipale n'komwe, kapena akakuuzani kuti laimu ndi zachikale, musamupatse ntchitoyo ngakhale akhale mwana wa mkulu wa mpingo.