Miso sabwatitsa ngati nyemba

Anthu akulakwitsabe chinthu chomwechi. Amathira miso mu poto ya madzi owira, n'kumusiya abwate, kenako amadandaula kuti msuzi wa ku Japan ndi madzi amchere chabe. Mwauwononga nokha. Miso ndi soya amene wasasa kwa miyezi pamodzi ndi mchere ndi koji (nkhungu yapadera yosasitsira), ndipo kafungo kake kamathawa ndi nthunzi msuzi ukangobwata. Chotsala ndi mchere basi.

Pa kapu imodzi ya madzi okwana 200 ml, yambani ndi theka la supuni yaing'ono ya dashi wa ufa (dashi ndi madzi a msuzi a ku Japan, nthawi zambiri ochokera ku nsomba zouma). Madzi akawira, ikani tofu (mkaka wa soya woundana) wodula tizibenthu ndi wakame (masamba a m'nyanja) wouma pang'ono. Pang'ono ndithu, chifukwa wakame amafufuma kwambiri akalowa m'madzi, ndipo ukatapa ndi dzanja lonse umadzaza mbale ndi ndiwo zoterera. Phulani poto. Tengani supuni imodzi yaikulu ya miso, muike m'chipande, muthiremo msuzi wotentha pang'ono, mutakase mpaka zibuluma zithe, kenako mutsanulire mu poto. Anyezi wa masamba amabwera pomaliza.

Dashi akasowa, usipa wouma umagwira ntchito. Ku Japan komweko amapanga dashi ndi tinsomba touma totchedwa niboshi. Chotsani mitu ndi matumbo, apo ayi msuzi uwawa, muviike m'madzi ozizira kwa theka la ola, muwiritse kwa mphindi zochepa, n'kusefa.

Wofuna wachangu kuntchito asakanize miso, dashi wa ufa ndi wakame, aumbe timibulu, akulunge kalikonse mu pulasitiki n'kusunga mu filiji. Kamodzi pa kapu, madzi otentha pamwamba, zatha.

Tsono pali awa akumanena pa Facebook kuti miso amachiza khansa ndi kutsuka magazi. Miso ndi chakudya, si mankhwala. Supuni imodzi yaikulu ili ndi mchere pafupifupi magalamu 2, pamene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku. Munthu wa BP amene wasiya mapiritsi ake n'kumamwa makapu atatu patsiku akudziwonjezera matenda, ndipo kuchipatala adzafika mochedwa.

Choopsa kwambiri ndi amene amaphika soya n'kumusiya m'chidebe kuti achite chuku, ati akupanga miso wawo. Koji ndi nkhungu yosankhidwa bwino, Aspergillus oryzae. Ili ndi m'bale wake, Aspergillus flavus, yemwe amapanga aflatoxin, poizoni uja wa mu mtedza ndi chimanga chovunda amene amawononga chiwindi. Ndi maso okha simungazisiyanitse, ndipo kuwiritsa sikumuchotsa poizoniyo. Ngati mulibe koji wogula, soya wachukuyo tayani.