Akathimitsa netiweki, amatsala mumdima ndani?

Pa 24 Malichi 2021, zigawenga zitalowa m'tauni ya Palma m'chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa Mozambique, netiweki ya foni idathima tsiku lomwelo. Anthu adathawira m'tchire, ena kugombe la nyanja, ena pafupifupi 200 adakadzitsekera mu hotela ya Amarula, ndipo abale awo ku Pemba ndi ku Maputo adatha masiku akuimba manambala osalowa. Palma ili pafupi ndi Afungi, pomwe kampani ya Total inkamanga ntchito ya gasi ya madola 20 biliyoni, komabe padapita masiku anthu akunja asakudziwa bwinobwino zomwe zikuchitika kumeneko. Tauni yopanda foni siitana thandizo, ndipo zigawengazo zinkadziwa zimenezi.

Patadutsa zaka zitatu ndi theka netiweki idathimanso m'dziko lomwelo, koma ulendo uno dzanja lidali lina. Chisankho chidachitika pa 9 Okutobala 2024. Pa 24 bungwe loyendetsa zisankho lidalengeza kuti apambana ndi a Daniel Chapo a chipani cha Frelimo, ndipo tsiku lotsatira intaneti ya pafoni idadulidwa. Kenako Facebook ndi WhatsApp zidatsekedwa, ndipo kuchiyambi kwa Novembala deta idayamba kumazima chakumadzulo n'kumabwerera m'mawa. A Venâncio Mondlane, omwe adapikisana nawo pa chisankhocho ndipo ankakana zotsatirazo, ankamema anthu kudzera pa Facebook ali kunja kwa dziko. Chifukwa chomwe akuluakulu a boma adapereka ndi chija timamva kulikonse, chitetezo cha dziko.

Ine ntchito yanga ndi ya uinjiniya wa netiweki, ndipo nkhani zotere zikamveka anthu amakonda kundifunsa ngati boma lili ndi batani lozimitsira intaneti. Batani kulibe. Chomwe chilipo ndi kalata. Kampani iliyonse ya mafoni imagwira ntchito ndi laisensi yochokera ku bungwe la boma, kuno kwathu MACRA, ku Zambia ZICTA, ku Mozambique INCM, ndipo kampani yomwe yamwaza mabiliyoni pomanga nsanja siichedwa kugonja ikauzidwa kuti laisensi ili pachiswe. Ku Zimbabwe mu Januwale 2019, boma litakweza mtengo wa mafuta kuposa kawiri ndipo anthu atakwiya n'kulowa m'misewu, mwini kampani ya mafoni ya Econet a Strive Masiyiwa adafotokoza poyera kuti adalandira chikalata cholamula kuti adule intaneti, ndipo kukana kukadatanthauza ndende kwa mabwana a kampaniyo a m'dzikomo.

Kalata ikafika, zotsalazo n'zachidule mochititsa mantha. Kampani iliyonse ili ndi chipinda choyang'anira netiweki usana ndi usiku, chozizira ngati mochale chifukwa cha makina, pakhoma pali masikirini akuluakulu oonetsa mapu a dziko. Nsanja iliyonse imaoneka ngati kadontho kobiriwira. Injiniya amene ali pa shifiti amasankha nsanja za dera lomwe latchulidwa, n'kulemba mizere ingapo pa kompyuta, timadontho tija n'kusintha mtundu. Palibe amene amakwera galimoto kupita kumeneko. Nsanjayo imakhala chiimire, jenereta ikulirabe, getsi lofiira la pamwamba likuphethirabe usiku, mlonda ali m'kanyumba kake. Koma foni ya mlondayo ilibenso timizere ta netiweki, ndipo iye angaganize kuti yawonongeka ndi foni yake.

Kumeneko ndiye kudula kotheratu. Nthawi zambiri maboma amasankha njira zosaonekera kwambiri. Atha kulamula kuti deta yokha izime, kuimba ndi ma SMS zizigwirabe. Atha kutseka masamba ochepa okha, monga WhatsApp ndi Facebook, posokoneza makina omwe amauza foni yanu komwe tsamba lililonse limapezeka. Apa m'pomwe achinyamata amathamangira VPN, yomwe imabisa komwe uthenga ukulowera, ngakhale VPN nayo imasowa chochita deta ikazima yonse. Njira yochenjera kuposa zonse ndi yochepetsa liwiro. Uthenga wa mawu olemba umadutsa, koma kanema wa masekondi 30 amangozungulira osapita, ndipo kanema ndi amene boma limamuopa. Ofunsa amauzidwa kuti ndi vuto la makina, ndipo popeza netiweki zathu zimavutavuta kale, bodzalo limamveka ngati zoona.

Palinso njira yochotsa dziko lonse pa intaneti. Kampani iliyonse imalengeza kosalekeza kwa makampani ena padziko lapansi kuti manambala akutiakuti amafikika kudzera mwa iyo, monga momwe kondakitala amaitanira pa depoti kuti minibasi iyi ndi ya kwakuti. Akakhala chete, palibe wokwera. Izi ndi zomwe Egypt idachita kumapeto kwa Januwale 2011, dziko lonse n'kusowa pa intaneti kwa masiku asanu. Dziko likakhala ndi makomo ochepa otulukira kunja, ntchitoyi imaphweka. Ife a ku Malawi, opanda gombe la nyanja yamchere, intaneti yathu imadutsa m'zingwe za fayiba zodzera m'maiko oyandikana nawo kukalumikizana ndi zingwe za pansi pa nyanja. Amene amakumbukira pa 12 Meyi 2024, pomwe zingwe za EASSy ndi Seacom zidaduka ndipo intaneti idayamba kukwawa kuno, ku Tanzania ndi ku Mozambique, adaona okha kuchepa kwa makomowo. Imeneyo idali ngozi chabe.

Tsono asilikali akamapempha kuti netiweki ithime, sikuti amangonama. Foni yotchipa itha kulumikizidwa ku bomba kuti liphulike wina akaiimbira. Mnyamata wokhala pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu atha kuimbira anzake kuti magalimoto a asilikali adutsa, alipo angati, alowera kuti. Mkulu wa asilikali amene wataya anyamata ake mwanjira imeneyi ndimamumvetsa akamati nsanja zizime kwa maola angapo pomwe gulu lake likudutsa.

Vuto ndi lakuti maola angapowo amasanduka miyezi, ndipo zomwe zidachitika ku Nigeria ziyenera kuphunzitsidwa kwa aliyense wosaina makalata otere. Mu Meyi 2013 Pulezidenti Goodluck Jonathan adalengeza kuti zinthu zafika poopsa m'zigawo za Borno, Yobe ndi Adamawa chifukwa cha gulu la zigawenga la Boko Haram, ndipo asilikali adadula netiweki ya mafoni m'zigawo zitatuzo. Pa 6 Julayi zigawenga zidalowa pa sukulu ya sekondale yogonera pompo ku Mamudo, m'chigawo cha Yobe, kusanache, n'kupha anthu 42, ambiri mwa iwo ana asukulu. Bwanamkubwa wa chigawocho, a Ibrahim Gaidam, adapempha kuti netiweki ibwezeretsedwe, ponena kuti anthu amene ankaona zachilendo adalibe njira yodziwitsira achitetezo. Mwezi womwewo netiweki idabwerera ku Yobe.

Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti chaka cha 2012, boma lisanadule chilichonse, Boko Haram yomweyo inkayenda ikuwotcha ndi kuphulitsa nsanja za makampani a mafoni kumpoto kwa Nigeria, ponena kuti makampaniwo akuthandiza achitetezo kulondola anthu ake. Ku Somalia mu Januwale 2014 gulu la al-Shabaab lidalamula makampani kuti aleke kupereka intaneti ya pafoni m'madera omwe linkalamulira. Ku Palma taona kale. Magulu atatu, maiko atatu, onse akuthamangira kupha netiweki. Ngati chigawenga chimawononga mafuta ndi zipolopolo kuti nsanja igwe, ndiye kuti chidawerengera n'kupeza kuti nsanjayo ikuthandiza mdani wake kuposa icho. Ndipo chidawerengera bwino. Foni iliyonse yoyaka imauza nsanja komwe ili, imasiya mbiri ya amene yalankhula naye ndi nthawi yake. Apolisi ofufuza amadalira mbiri imeneyi. Boma likathimitsa nsanja limadzitseka makutu lokha, n'kugwirira zigawenga ntchito yomwe zikadaivutikira.

Komanso munthu wa mfuti sasowa polankhulira. Ali ndi wailesi za ova-ova, ali ndi anyamata a njinga zamoto, ali ndi ndalama zogulira foni ya setilaiti. Ku Borno asilikali adachita kuletsanso mafoni a setilaiti a Thuraya mu Juni 2013, patangotha mwezi chidulireni netiweki, umboni woti zigawenga zidapeza kale njira ina. Masiku ano kuli Starlink, kambale konyamulika m'chikwama komwe sikadalira nsanja kapena chingwe cha m'dziko. Ku Sudan, netiweki itazima m'madera ambiri mu Febuluwale 2024, zipangizo za Starlink zozembetsedwa zidafala m'madera a gulu la RSF, lomwe linkamenyana ndi asilikali a boma, ndipo anthu wamba ankalipira kuti alumikizeko kwa kanthawi n'kulandira ndalama kuchokera kwa abale. Wokhala ndi mfuti adasanduka wogulitsa intaneti.

Wotsala mumdima ndi mayi wa geni amene mpamba wake wonse uli mufoni. Pano pali kusiyana komwe n'kofunika kukudziwa. Mukaimba *211# kapena *444# simugwiritsa ntchito deta, choncho intaneti yokha ikadulidwa ndalama za mufoni zimayendabe pa foni yamabatani. Koma nsanja ikathima, zonse zimaima: ejenti sangapereke ndalama, mayunitsi a magetsi sagulika, namwino wa pachipatala chaching'ono sangaitane ambulansi ya kuboma, mwana amene ali ku Johannesburg sangatumize ya chimanga. Boma la Nigeria lidabwerezanso njira yothimitsa nsanjayi m'chigawo cha Zamfara mu Sepitembala 2021 pofuna kuthana ndi magulu obera anthu, ndipo kuba anthu sikudathe kumeneko. Ku Tigray, m'dziko la Ethiopia, anthu mamiliyoni adakhala opanda foni ndi intaneti pafupifupi zaka ziwiri kuyambira Novembala 2020. Ku Kashmir, India idadula zonse mu Ogasiti 2019 ndipo intaneti yothamanga ya 4G idabwerera mu Febuluwale 2021.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi. Kampani ikamvera kalata yoyamba, ndondomeko imakhala yakhazikika: akudziwika woimbiridwa, akudziwika wolemba mizere ija, mndandanda wa nsanja uli kale mu kompyuta. Kalata yachiwiri siivutanso, ndipo kawirikawiri siikhala ya zigawenga. Uganda idadula intaneti pa 13 Januwale 2021, chisankho chili mawa. Tanzania idachita zomwezo pa tsiku loponya voti, 29 Okutobala 2025, kwa masiku angapo, ndipo zithunzi za anthu ophedwa zidayamba kutuluka netiweki itabwerera. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu pa intaneti la Access Now lidawerenga maulendo 296 omwe intaneti idadulidwa dala m'maiko 54 m'chaka cha 2024 chokha. Mawu oti chitetezo ndi otakasuka moti wophulitsa bomba ndi wonyamula chikwangwani amakwanamo onse.

Makhoti ndiwo ayesako kuika malire. Pa 21 Januwale 2019 khoti lalikulu ku Harare lidagamula kuti nduna yoona za chitetezo idalibe mphamvu zolamula kuti intaneti idulidwe, pamlandu womwe adakasuma ndi a bungwe loona za ufulu wa atolankhani la MISA Zimbabwe pamodzi ndi maloya omenyera ufulu wa anthu. Khoti lalikulu kwambiri la India lidati mu Januwale 2020 kudula kopanda tsiku lothera n'kosaloledwa, ndiponso malamulo otere azisindikizidwa kuti anthu athe kuwatsutsa. Khoti la ECOWAS, mgwirizano wa maiko a kumadzulo kwa Africa, lidapeza boma la Togo lolakwa mu 2020 pa kudula komwe lidachita mu 2017. Zigamulo zonsezi zidabwera mdima utachitika kale, ndipo pamenepo m'pomwe ine ndimaona kuti pakufunika kukonza. Injiniya wa pa shifiti sangakane lamulo la bwana wake, bwananso sangakane nduna. Chomwe chingawateteze onse awiri ndi lamulo lonena kuti kalata yotere isagwire ntchito popanda saini ya woweruza, itchule dera, itchule ola loyambira ndi lothera, ndipo iikidwe poyera. Mkulu wa asilikali amene akufunadi maola asanu ndi limodzi kuti gulu lake lidutse sangavutike kukwaniritsa zimenezi. Amene zingamuvute ndi wofuna sabata yathunthu yowerengera mavoti mumdima.

Anzathu a ku Zambia adafikako pafupi. Pa 12 Ogasiti 2021, anthu ali pamizere yovota, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zidasiya kugwira. Bungwe lomenyera ufulu wa anthu la Chapter One Foundation lidathamangira kukhoti ndipo tsiku lotsatira khoti lidalamula kuti zitsegulidwe. Mu Malichi 2022 mlanduwo udatha ndi mgwirizano womwe ZICTA idavomera kuti sidzadulanso intaneti kunja kwa mphamvu zomwe malamulo amaipatsa, ndiponso kuti kukakhala kusokonekera kulikonse idzafotokozera anthu chifukwa chake pasanathe maola 36. Ndi chiyambi chabwino, koma maolawo ndi ambiri. Ku Zambia malo oponyera voti amatsegulidwa 6 koloko m'mawa n'kutsekedwa 6 koloko madzulo.