Marimu akuluakulu salimbitsa galimoto ya banja

Kwa zaka zambiri mu Blantyre muno anthu akhala akukhulupirira kuti kuika marimu akuluakulu a aloyi ndi kutsitsa galimoto kumailimbitsa komanso kumaithandiza kugwira msewu. Pa tala wosalala wa Masauko Chipembere Highway mwina mungamve choncho. Koma galimoto ya banja imakweranso misewu ya ku Ndirande ndi ku Bangwe, itanyamula ana ndi matumba a chimanga.

Nkhani yagona pa mphira. Tayala la saizi ya 195/65 R15, la rimu ya mainchesi 15, lili ndi mphira wam'mbali wotalika pafupifupi mamilimita 127. Mukaika la 215/45 R17, la rimu yaikulu ya mainchesi 17, umatsala 97 okha. Mphira umenewu ndi umene umayamba kulandira mphamvu galimoto ikagwa m'dzenje. Ukachepa, tayala limatupa m'mbali, mphamvu yambiri n'kugwera rimu. Aloyi imang'aluka, pomwe rimu yachitsulo nthawi zambiri imangopindika, mmisiri n'kuiwongola. Mashoko ndi mabushi nawonso amatha msanga.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'kudula masipuling'i pofuna kutsitsa galimoto. Sipuling'i yodula imatha kuchoka pamalo pake, ndipo galimoto ikalemedwa imakhula pansi pa hampu iliyonse. Sampu, yomwe imasunga oyilo pansi pa injini, ikabooka, oyilo amatayika, injini n'kufa.

Palinso ichi: tayala lonse likatalika kuposa la kufakitale, sipidomita imaonetsa liwiro lochepa kuposa lenileni. Saizi yoyenera imalembedwa m'buku la galimoto, kawirikawirinso pa kachikwangwani ka pakhomo la dalaivala. Muziyamba mwawerenga pamenepo musanagule marimu ku Limbe.