Nambala Yomwe Zoigawa Zake Zinabisala Zaka 27

Chulukitsani 2 ndi 2 mnzake mpaka ma 2 akwane 67, kenaka muchotsepo 1. Mupeza 147,573,952,589,676,412,927, nambala ya madijiti 21. Mu 1644 wansembe wa ku France, Marin Mersenne, anaiika m'gulu la ma prime, manambala omwe amangogawika ndi 1 komanso iwo eni basi. Analakwitsa. Édouard Lucas anatsimikiza mu 1876 kuti imagawika, koma zoigawazo sanazipeze. Zinadzadziwika mu 1903, Frank Nelson Cole atazionetsa pamsonkhano wa American Mathematical Society ku New York: 193,707,721 × 761,838,257,287. Onse awiriwa ndi ma prime, choncho chinambala chonsechi chili ndi zochigawa zinayi zokha, kuwerengera 1 ndi icho chomwe.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti nambala imagawika asanaone choigawa? Ambiri amasokonezeka apa, chifukwa kusukulu ntchito ziwirizi zimaoneka ngati imodzi. Pa manambala akuluakulu n'zosiyana kutalitali.

Manambala a mtundu wa Mersenne, omwe amapezeka pochulukitsa ma 2 okhaokha n'kuchotsapo 1, amayesedwa ndi njira imene lero imatchedwa Lucas-Lehmer. Yambani ndi 4. Ichulukitseni ndi iyo yomwe, chotsanipo 2, gawani ndi nambala mukuiyesayo, musunge chotsala chokha. Chotsalacho muchichite chimodzimodzi. Maulendo ake ndi chiwerengero cha ma 2 aja kuchotsapo awiri. Mukathera pa 0, nambalayo ndi prime. Mukathera pena, imagawika.

Tiyese ndi yaing'ono, 2,047, ya ma 2 okwana 11. Maulendo asanu ndi anayi akupereka 14, 194, 788, 701, 119, 1,877, 240, 282, 1,736. Sitinathere pa 0, ndiye kuti imagawika. Koma yang'anitsitsani mndandandawo: mulibe 23 kapena 89, amene ndiwo zoigawa zake. Njirayi imangogamula mlandu, wopalamula siimutchula. Pa nambala yathu ija maulendo ndi 65 okha, ndipo kompyuta imamaliza m'kuphethira kwa diso.

Kusaka zoigawa ndiye chintchito. Woyesa nambala imodziimodzi akhoza kufunika kufika pa 12 biliyoni n'kupitirirako pang'ono, pakuti chogawa chaching'ono sichingapose nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imabala nambala yonseyo. Mwayi wake, pali chidule. Prime aliyense wogawa nambala imeneyi ayenera kutsala 1 mukamugawa ndi 134, omwe ndi 67 kawiri. Onani nokha: 134 × 1,445,580 + 1 = 193,707,721. Ayeneranso kutsala 1 kapena 7 mukamugawa ndi 8. Malamulo awiriwa amataya manambala ochuluka zedi musanayambe n'komwe kugawa, komabe otsalawo si oti n'kuwayesa ndi pensulo madzulo amodzi.

Woyesa yekha asamale ndi misampha iwiri. Woyamba ndi makina. Pulogalamu ya Excel imasunga madijiti 15 okha, otsalawo imawasandutsa ma 0 osakuchenjezani, ndipo malo wamba osungira nambala a ma bit 64 (bit ndi dijiti ya kompyuta, 0 kapena 1) m'mapulogalamu ambiri sakwana kusunga nambala yathu ija. Gwiritsani ntchito Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, yomwe imasunga nambala yathunthu ngakhale italike chotani. Wachiwiri ndi mayeso a Fermat, njira ina yoyesera ngati nambala ndi prime. Anthu amakonda kuwayendetsa ndi 2, koma nambala iliyonse ya Mersenne imene chiwerengero cha ma 2 ake ndi prime imakhoza mayeso amenewa, kaya imagawika kaya ayi. 2,047 imakhoza, yathu ijanso imakhoza. Apa mayesowa alibe phindu.

Kuvuta kwa kusaka zoigawaku n'kumene kumateteza uthenga pa intaneti kudzera mu njira yobisira uthenga yotchedwa RSA: kuchulukitsa ma prime awiri akuluakulu n'kosavuta, kuwalekanitsanso n'kovuta koopsa. Nambala ya RSA-250, ya madijiti 250, inaphwanyidwa kukhala ma prime ake awiri mu 2020 ndi gulu la makompyuta ogwirira ntchito limodzi. Makiyi a RSA (manambala otsekera uthenga) ofala masiku ano ndi a ma bit 2,048, omwe ndi madijiti 617.