Agogo akayamba kuiwala, apimidwe m'chiyankhulo chawo

Kuiwala pomwe mwaika makiyi kumachitikira aliyense. Koma agogo akamasochera pochokera kumsika wa Ndirande womwe akhala akupitako zaka zonse, akamafunsa chinthu chomwecho mobwerezabwereza, kapena akaiwala kuti adya kale n'kumadandaula kuti mukuwamana, pitani nawo kuchipatala. Madokotala amatcha vutoli dementia. Limabwera ubongo ukamawonongeka, ndipo bungwe loona za umoyo la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali nalo, ambiri chifukwa cha matenda a Alzheimer. Sitiroko, BP, shuga, HIV ndi mowa nazonso zimawononga ubongo.

Wodwala wotereyu angapezeke pakhomo la eni usiku, mwina osavala, osadziwa kuti wafikapo bwanji. Si mfiti, akudwala! Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti.

Kupima kwake n'kwa mafunso, ndipo apa mpofunika kusamala. Mafunso ambiri adakonzedwera anthu a kunja omwe adapita kusukulu: kujambula wotchi, kutchula deti, kuchotsera manambala. Agogo omwe sadagwirepo cholembera, omwe nthawi amaidziwira dzuwa, angalephere zonsezi mutu uli bwinobwino. N'chifukwa chake kudapangidwa njira zina, monga RUDAS ya ku Australia ndi IDEA ya ku Tanzania, yomwe munthu amatchula mayina a nyama n'kuyala timitengo ta machesi motsanzira zomwe waonetsedwa.

Muno mu Blantyre muli Ayao, Alomwe, Asena, Atumbuka. Matendawa akamakula, ena amabwerera ku chiyankhulo chomwe adayamwira, Chichewa n'kuyamba kuwathawa. Auzeni achipatala chiyankhulo chomwe agogo amamasuka nacho komanso sukulu adalekeza pati. Mukamamasulira, musawayankhire ngakhale akumvetseni chisoni.

Owaperekeza akhale munthu amene amakhala nawo tsiku ndi tsiku, woti afotokoze zomwe zasintha ndi pomwe zidayambira. Tengani buku lawo la kuchipatala, mankhwala onse omwe akumwa, ndi magalasi ngati amavala. Nenaninso ngati makutu samva bwino.

Mankhwala ochiziratu dementia kulibe, koma kukhumudwa, kuchepa kwa vitamini B12, chindoko ndi vuto la chithokomiro zimaiwalitsanso, ndipo izi zimachizika. Yambirani pachipatala chaching'ono cha kwanuko, monga Zingwangwa, Limbe kapena Bangwe. Akaona kuti n'kofunika akutumizani ku Queens. Agogo akasokonezeka mwadzidzidzi, m'maola kapena masiku ochepa, thamangani nawo tsiku lomwelo.