Mota imene imateteza wopima makhololo

Mukalowa mu labotale momwe amapima makhololo a chifuwa chachikulu, mupeza kabati yachitsulo ya galasi kutsogolo ikulira chapansipansi tsiku lonse. Dzina lake ndi biosafety cabinet. Wopima amangolowetsa manja pansi pa galasilo, ndipo chimene chimamuteteza kwenikweni ndi mphepo. Fani ya m'kabatimo imakokera mpweya m'kati kuti kachilombo kouluka kasabwerere kumaso kwake.

M'makabati a mtundu wotchedwa Class II A2, pafupifupi 70 peresenti ya mpweya imazungulira momwemo, 30 peresenti n'kutuluka, wonsewo utadutsa pa sefa ya mpweya yotchedwa HEPA, yogwira osachepera 99.97 peresenti ya tinthu ting'onoting'ono ta 0.3 micron (mu milimita imodzi muli ma micron 1,000). Muyezo wa ku America wa NSF/ANSI 49 umafuna kuti mpweya wolowa uzithamanga mamita osachepera 0.51 pa sekondi.

Koma sefa imadya fumbi mpaka kukhuta. Ikayamba kutsekeka, mota yakale yoyendetsa faniyo, ya AC (magetsi a pasoketi), imangozungulira monga mwa masiku onse, mphepo n'kumafooka mwakachetechete mpaka katswiri abwere kudzaikweza ndi dzanja. Motayo imatenthanso ngati mbaula. Magetsi ambiri amathera m'kutenthako, ndiye makina oziziritsa chipinda amavutika kuchotsa kutentha komweko. Mumalipira kawiri.

Makabati ambiri atsopano ali ndi mota ya DC (magetsi onga a batire) yotchedwa ECM. Ilibe mabulashi otha ndi kukhulana, ili ndi maginito komanso kabolodi kakang'ono kamene kamazindikira kuti sefa yalemera, n'kuwonjezera liwiro pakokha. Imadya magetsi ochepa, sitentha kwambiri, phokoso lakenso n'lochepa. Ena mwa makabatiwa, mukatsitsa galasi poweruka, mota imatsika liwiro usiku wonse koma m'kati n'kukhalabe mwaukhondo. Kwa labotale yodalira jenereta kapena sola magetsi akazima, kusiyanaku kumaonekera pa dizilo ndi pa mabatire.

Pamene ndimachenjeza ogula ndi pa kabolodi kaja. Magetsi akabwerera mwamphamvu katha kupsa, ndipo si chinthu choti wokonza mawailesi pamsika n'kulumikiza ndi waya. Gulirani limodzi UPS kapena stabiliser, zipangizo zoteteza makina magetsi akamasinthasintha mphamvu. Komanso mota yodzikweza yokha imabisa ukalamba wa sefa, ndipo siingadziwe ngati sefayo yabooka. Choncho katswiri azibwerabe kamodzi pachaka, ndiponso nthawi iliyonse imene kabati yasunthidwa, kudzayeza mphepo ndi kufufuza ngati sefa ikudontha.